Jeli Amene Anakana Kulimba

Mvula yoyamba ikagwa, inswa ndi kuyamba kuuluka madzulo, mtima wanga ubwerera ku Khrisimasi ya caka ca 1978, tsiku limene ndinacita manyazi aakulu pamaso pa apongozi anga ndi mudzi wao wonse. Cimene cinandigwetsa sicinali cinthu cacikulu ai. Anali mapaketi a jeli wofiira, aja a ufa wonunkhira ngati maswiti. Ndafuna kukusimbirani nkhaniyi, inu amai anzanga a kumidzi, popeza nyengo ya madyerero iri pafupi, ndipo ndidziwa kuti ana anu a ku tauni adzafika ndi mapaketi otere m'zikwama zao.

Ine ndinabadwira ndi kukulira kumigodi, kumene atate anali kugwira nchito, ngakhale kuti kwathu kweni-kweni ndi kuno kum'mawa. Caka cimeneco ndinali nditangokwatiwa kumene, ndipo tinali kukhala ku Lusaka m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Amuna anga kwao ndi m'dera la Katete. Abale ao anandiona tsiku limodzi lokha, la ukwati, ndipo mau anali atandifika kale m'khutu kuti kumudzi kuli ena amene ali kunena kuti mwana wao watola mkazi wa m'tauni, wosadziwa kusinja, wosatha kuphika nsima ya anthu khumi. Kunena zoona, pa kusinja sananame. Tsono ine, m'malo moti ndipite modzicepetsa kukaphunzira, ndinatsimikiza mtima kukawaonetsa cinthu cimene iwo sacidziwa.

Jeli ndinaphunzira kupanga kusukulu, m'maphunziro a za pakhomo. Aphunzitsi anatiuza kusungunula ufawo m'madzi owira, kuthirako madzi ozizira, ndi kuika mbale m'firiji. M'mawa mwace tinapeza madzi aja asanduka cinthu cowala ngati galasi, conjenjemera ngati munthu wa malungo, cotheka kudula ndi sipuni. Za firijiyo sindinaziike ku mtima. Ndinayesa kuti nzeru yonse iri m'paketi.

Acinyamata a lero sadziwa umo zinthu zinali kubvutira masiku aja. Malire athu ndi Rhodesia anatsekedwa mu Januwale 1973, ndipo m'caka ca 1975 mtengo wa mkuwa unagwa. Pofika 1978 sopo, mafuta ophikira ndi zina zotere tinali kuziimira pa mzere kuyambira mbandakuca, osadziwa ngati tidzazipeza. Jeli anali kuoneka mwa kamodzi-kamodzi. Tsiku lina mnzanga ananditsina khutu kuti wafika m'sitolo ina, ndipo ndinathamangira komweko ndi kugula mapaketi anai ndi ndalama imene amuna anga anandipatsa kuti ndigulire apongozi citenje. Ndinagulanso zinanazi ziwiri pamsika. Citenje ndinati ndidzagula ulendo wina.

Tinakwera basi ya UBZ, ine nditafungata zinanazi zanga ngati mapasa. Tinaoloka Luangwa dzuwa liri pamutu, tinagula nthoci pa Nyimba, ndipo tinatsika ku Katete kutada bii. Kumudzi tinafika m'mawa mwace pa ngolo.

Anatilandira bwino, sindinganame. Mbuzi inali yomangirira kale pa mtengo wa mango, mpunga unali wopetedwa, thobwa linali kuwira m'mbiya ziwiri. Koma pakamwa panga ndipo panandipha. Ndinauza alamu anga, ndinauza ana, ndinauza ngakhale amai amene ndinakumana nao ku citsime, kuti mawa tikatha kudya mpunga adzalawa cakudya cimene sanacionepo cibadwire. Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva.

Usiku wa pa 24 ndinapempha beseni lalikulu loyera la apongozi, lija losungira alendo. Nditawerenga anthu ndinapeza kuti apitirira makumi atatu, ndipo ndinaona kuti jeli wanga adzacepa. Ndinatsegula mapaketi atatu, limodzi ndi kusunga, koma madzi ndinathira a mapaketi asanu. Ndinadula zinanazi zija tizidutswa-tizidutswa, ndinathyolanso papaya lakupsa kuseri kwa nyumba, zonse ndi kuponya momwemo. Kukongola kwace, abale! Zacikasu zikuyandama m'zofiira. Ndinabvundikira ndi thireyi ndi kuika pa thebulo m'nyumba ya malata, imene inali itamwa dzuwa tsiku lonse. Apongozi anali ciimire pakhomo, akuyang'ana, osanena kanthu.

M'mamawa ndinanyamuka mwakacetecete kukasuzumira. Madzi okha-okha. Ndinadzilimbitsa mtima kuti nthawi ikalipo. Ku chalichi sindinamve ulaliki ngakhale liu limodzi; pemphero langa lonse linali pa beseni. Titabwerako ndinathamangiranso m'nyumba. Madzi omwe aja, tsopano ofunda, zipatso zitatuwa.

Anthu anadya mpunga ndi mbuzi, anasamba m'manja, ndipo palibe amene ananyamuka. Ana anakhala pansi mondandalika, maso ali pa ine. Ndinaturutsa beseni lija miyendo ikugwedezeka, madzi akukhapira m'mbali. Mlamu wanga wamng'ono, amene mwa mwambo ali ndi ufulu wonditonza, anasuzumiramo nati, "Alamu, kodi thobwa la ku Lusaka likhala lofiira?" Anthu anafa nazo nseko. Izo ndikanapirira. Koma mlongo wa apongozi aamuna, mai wa lilime lakuthwa, ananena mosakweza mau, komabe momveka kwa onse, kuti, "Ndiye kumene zithera ndalama za mwana wathu kumeneku, ku madzi a utoto." Amuna anga anazyolika. Ine ndinakumbukira citenje cija, ndipo ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Apongozi aakazi ananyamuka pa mphasa. Anatenga cipande, natunga pang'ono, nalawa, namwetulira ngati munthu amene wamva cimene anali kuyembekeza. Ndipo anati, "Ana inu, thamangani mukatenge makapu. Apongozi anga atibweretsera cakumwa ca ku tauni, cotsitsira mpunga." Ana anathamangadi. Beseni linauma pa kanthawi kocepa, ana milomo iri psuu, akulimbirana zinanazi za pansi. Lero sindingalole mwana kumwa madzi a zipatso ogona usiku wonse m'nyumba yotentha, koma tsiku limenelo Mulungu anatikomera mtima, palibe amene anadwala m'mimba.

Ndinayesa kuti nkhani yathera pomwepo. Patapita masiku awiri, ndiri kusonkha moto m'khichini, apongozi analowa nakhala pa mtondo wogoneka. Sikunali kwa masiku onse kuti iwo akhale nane pawiri, motero ndinagwada.

"Mwana wanga," anatero, "cinthu cija sicinakhale monga munafunira. Cinayenera kukhala cotani?"

Ndinafotokoza misozi iri m'maso: kuti ciundana, cinjenjemera, cidulika ndi sipuni, ndipo cisungunuka cokha m'kamwa.

"Monga msuzi wa ziboda za ng'ombe ukagona m'mphika mwezi wa Juni?"

Ndinakhumudwa mumtima. Jeli wanga wa m'sitolo, wa zilembo za Cingerezi, kumuyerekeza ndi vimbombo, monga tizichulira ku Lusaka! Ndinayankha mwaulemu kuti iai, izi nzosiyana. Iwo sanatsutse. Anangoti pamene ndinali kuthira madzi otentha usiku uja, anamva kapfungo ka cikopa pansi pa pfungo la maswiti. Ndipo anapitiriza, akuwerenga pa zala: "Msuzi wa ziboda sugwirana mwezi wa Okutobala, ufuna cisanu. Ukaucurukitsa madzi sugwirana. Nanga papaya lija? Kodi kwanu simukulunga tambala wokalamba m'masamba a mpapaya kuti afewe? Cinthu cofewetsa nyama cingalimbitse bwanji msuzi?"

Mai ameneyu sanapondepo m'kalasi. Koma zonse zitatu zimene anachula zinali zoona, ndipo ndinadzazitsimikiza patapita zaka zambiri, adzukulu anga atayamba kundiwerengera za m'mabuku ndi za pa foni. Cimene cilimbitsa jeli ndi ufa wochedwa jelatini, ndipo ufawo ucokera ku zikopa ndi mafupa a ng'ombe ndi nkhumba. M'zikopa, m'mitsempha ndi m'mafupa muli cinthu cimene cigwirizanitsa thupi la nyama; cikaphikidwa nthawi yaitali cisungunukira m'madzi, ndipo madziwo akazizira aundana. A fakitale angocisefa, kuciumitsa, kucipera, ndi kuthirako shuga, utoto ndi pfungo la zipatso. Jeli asungunuka kutentha kukafika pafupi ndi madigiri 35, pamene thupi la munthu liri pa 37. Ndico cifukwa cace atha yekha pa lilime, ndiponso ndico cifukwa cace sakanalimba konse pansi pa malata a Disembala. Za papaya nazonso ziri tero. M'papaya muli cinthu cochedwa papain, m'cinanazi muli bromelain, ndipo zonse ziwiri zidula-dula jelatini monga momwe zifewetsera nyama. Ngakhale ndikanakhala ndi firiji, beseni lija silikanalimba. Moto ndiwo upha mphamvu imeneyi: cinanazi ca m'citini, kapena cimene mwayamba mwaciwiritsa, sicibvuta. Akulu anati safunsa anadya phula; ine phula langa linali lofiira.

Ndinaseka ndekha tsiku limene mdzukulu wanga anandiwerengera kuti kale ku Ulaya, ufa wa m'paketi usanabwere, jeli anali cakudya ca m'nyumba za olemera okha, cifukwa panafunika anchito owiritsa ziboda za ana a ng'ombe tsiku lonse, kusefa msuziwo pa nsaru, ndi kuuyeretsa ndi coyera ca dzira. Tsono cakudya ca mafumu a Azungu cinali msuzi wa vimbombo wobvala suti. Ku America ndiko anauika m'paketi wotsekemera kale. M'caka ca 1897, m'tauni ya LeRoy m'cigawo ca New York, munthu wina dzina lace Pearle Wait anasakaniza jelatini ndi shuga ndi pfungo la zipatso, ndipo mkazi wace anapatsa ufawo dzina lakuti Jell-O. Malonda anamkanika, ndipo mu 1899 anagulitsa nzeru yaceyo kwa Orator Woodward pa madola 450 okha. Amene anagulayo ndi banja lace ndiwo analemera nayo.

Anthu a ku America anafika nayo patali nkhani ya jeli, kuposa ife. Makamaka m'zaka za m'ma 1950, mafiriji atafala m'nyumba zao, amai kumeneko anali kuika m'jeli kabichi wodula-dula, makaroti opala, ngakhale nsomba za m'citini, ndi kuumba zonsezo m'zikombole zonga mphete kapena nsomba. Ankazicha saladi, nadya pamodzi ndi nyama pa Khrisimasi, pa phwando lao la Thanksgiving la mu Novembala, ndi pa madyerero a ku chalichi. Mabanja ena acitabe zimenezi kufikira lero cifukwa agogo ao anali kutero, ndipo cigawo ca Utah mu 2001 cinafika polengeza kuti Jell-O ndiye kacakudya kao kodziwika nako. Ine kabichi wa m'jeli wotsekemera ndamkana, ndipo sindidzamuyesa. Koma mai wa ku America wonyamula mbale yonjenjemera kupita nayo kwa apongozi ace, mtima uli m'mwamba kuti kaya yalimba kaya siinalimbe, ameneyo ndimdziwa bwino ngakhale sitinaonane.

Tibwerere ku khichini kuja. Apongozi anafunsa ngati ufa unatsalako. Ndinati latsala paketi limodzi. "Limenelo tidzayesa pa Nyuwere," anatero, "koma tsopano mudzacita monga ndinena ine. Ndipo musauze munthu."

Madzulo a pa 31 tinadikira dzuwa kulowa. Ndinasungunula ufa m'kapu imodzi ya madzi owira, ndikubvundula kufikira timibulu tonse titatha. Paketi linanena kuti ndithirenso kapu yodzaza ya madzi ozizira. Apongozi anandigwira dzanja kapu iri pa theka. Zipatso anakana zonse, kupatula nthoci imodzi. Beseni anakananso, nati cinthu cacikulu cicedwa kuzizira pakati. Tinathira m'kambale kacitsulo ka cibvundikiro. Kenaka anatenga nkhali yakale yotakata kukamwa, ija yodontha thukuta kunja, nathiramo madzi a pa citsime, nakhazika kambale kaja pa mwala m'kati mwace kuti madzi afike m'khosi koma asalowe. Nkhaliyo tinaikwirira m'mcenga wonyowa pansi pa nkhokwe, pamene mphepo ipita, ndi kuifunditsa thumba lonyowa. Ndi nzeru yomwe ija imene iziziritsa madzi akumwa mumtsuko: madzi a kunja akamauma atenga kutentha kwa m'kati. Usiku umenewo kunagwa mvula, ndipo kunazizira ndithu.

Tambala woyamba atalira ndinamva kugogoda pa citseko. Anali apongozi, nyali iri m'manja. Tinapita awiri ku nkhokwe ngati mbala. Anabvundukula, nagwedeza kambale. Jeli ananjenjemera, osatayika. Anali wofewa kuposa wa kusukulu uja, koma anali jeli. Apongozi anamkhudza ndi cala, nabweza dzanja msanga, naseka mosatulutsa mau mpaka misozi.

Sitinadikire cakudya ca masana, cifukwa dzuwa likanationongera. Anthu atangomwa tiyi, apongozi anatulutsa kambale kaja iwo eni, nayamba kugawa ndi kasipuni, munthu aliyense kamodzi. Anayambira kwa mlamu wao wa lilime lakuthwa uja, nati, "Alamu, lawani madzi a utoto aja. Mpongozi wanga wawaumitsa." Maiyo anasunga jeli m'kamwa nthawi yaitali, nameza, nangoti, "Ha." Sananene cina, ndipo ine sindinafune cina. Za nkhali ndi mcenga apongozi sanauze munthu kuti inali nzeru yao.

Citenje ndinakagula pa Katete tisanabwerere, ndi ndalama yobwereka kwa amuna anga, nditawaululira zonse.

Kucokera caka cimeneco jeli sanasowe pa Khrisimasi ya pamudzi paja. Tinali kuika zinanazi za m'zitini, zija zinali kucokera ku fakitale ya ku Mwinilunga masiku amenewo, ndipo kasitadi akapezeka tinali kuthira pamwamba. Inu amene mufuna kuyesa kopanda firiji, citani monga anacitira apongozi: cepetsani madzi, gawani m'timakapu kapena m'timbale tating'ono, pangani madzulo, dyani m'mawa. Ufa musauwiritse pa moto, ungofuna madzi owira kale. Zipatso muike jeli atayamba kulemera, cifukwa mukafulumira zina zimira, zina ziyandama. Ndipo mukakhala ndi alendo Acisilamu, kapena a mipingo yosadya nkhumba, muwauze cimene ciri m'mbale, popeza si paketi liri lonse linena nyama imene jelatini wace anacokera. Mnzanga wina wa Cimwenye ku Chipata anandionetsa cina cimene iwo acicha China grass, copangidwa ndi ndere za m'nyanja ya mcere. Cimeneco cilimba ngakhale kopanda firiji ndipo sicisungunuka ndi dzuwa, koma ciyenera kuwiritsidwa, ndipo m'kamwa cithyoka-thyoka m'malo mosungunuka. Ndikanacidziwa mu 1978, bwenzi nkhani ino kulibe.

Apongozi anadwala matenda ao otsiriza m'caka ca 1996, nthawi ya cilimwe. Mano anali atatha, kukhosi kunali zironda, ndipo ngakhale phala anali kulibweza. Ndinacoka ku Lusaka kukawadwazika. Tsiku lacitatu ndiri pomwepo anandikodola, nanong'ona kuti, "Msuzi wanu wa ziboda uja." Unali mwezi wa Okutobala, mwezi umene iwo eni anati msuzi sugwirana. Ndinatuma mnyamata pa njinga ku Katete kukagula mapaketi ndi madzi oundana, amene anabwera nao m'thumba la utuci atasungunuka theka. Ndinaika m'nkhali yomwe ija, pansi pa nkhokwe ina, pakuti yakale ija inali itagwa. Jeli analimba. Anadya masipuni asanu tsiku limenelo, ndipo anadya tsiku ndi tsiku kwa milungu iwiri imene inawatsalira. Jeli si cakudya comanga thupi, ndi shuga ndi madzi cabe ndi jelatini pang'ono, ndipo anamwino anandiuza zimenezo poyera. Koma ndico cokha cimene cinali kutsika.

Pogawa katundu wao, ana ao aakazi anandifunsa cimene ndifuna. Ndinapempha beseni loyera lija. Linabooka pansi kale-kale, ndipo adzukulu andiseka kuti ndisunga cigoba. Lero pa kasitolo ka pafupi ndi mudzi uja pali firiji, ndipo mwini wace alola amai kuikamo mbale zao usiku wa pa 24. Caka catha mkazi wa mdzukulu wanga, mtsikana wokulira ku Lusaka, anabwera kudzadya nafe Khrisimasi yace yoyamba. Ndinamuona akuturutsa m'cikwama mapaketi a jeli, kenaka cinanazi cacikulu cakupsa bwino, nafunsa mpeni. Ndinamuitanira kuseri kwa nyumba, kumene kunalibe anthu, ndipo ndinamuuza kuti ayambe wateleka poto.